Kodi mwala wa Dinkinesh ungadzatigwere? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Dedza

"Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Mwana wina wa Folomu 3 anabwera ndi uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp wonena kuti anthu a ku America apeza chimwala m'mlengalenga chotchedwa Dinkinesh, kuti chili ndi mwezi wakewake, ndiponso kuti anachipatsa dzina la ku Africa chifukwa chidzagwera kuno. Ana ena anaseka, koma ena anachita mantha ndithu, ndipo ine ndinasowa yankho logwira mtima. Chonde ndithandizeni: mwalawu unapezeka bwanji, ukuyenda kuti, ndipo anthu amadziwa bwanji kukula kwa chinthu chimene sanachikhudzepo? Kodi tiyenera kuda nkhawa?"

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi, inu pamodzi ndi ana anuwo: Dinkinesh sakubwera kuno. Mwalawu ulipodi, ndipo n'zoona kuti uli ndi kamwezi kake, koma njira imene umayendamo pozungulira dzuwa ili kutali kwambiri ndi ya dziko lathu, kupitirira pulaneti ya Mars, ndipo njira ziwirizi sizikumana paliponse. Amene analemba uthenga uja anatenga mfundo zoona n'kuzisakaniza ndi bodza, ndipo bodza lotere ndi limene limavuta kulizula m'mutu mwa mwana, chifukwa akafufuza pang'ono n'kupeza kuti dzinalo lilipodi, amakhulupirira zonse. Mwachita bwino kufuna kuwafotokozera mokwanira m'malo mongowauza kuti akhale chete.

Pakati pa Mars ndi Jupiter pali dera lalikulu lozungulira dzuwa limene akatswiri a zakuthambo amalitcha lamba wa miyala, ndipo miyala yake amaitcha ma asteroid. Woyamba kupezeka unali Ceres, umene Giuseppe Piazzi anauona ali ku Palermo ku Italy pa 1 Januwale 1801, ndipo ndi waukulu koposa yonse, pafupifupi makilomita 940 m'mimba mwake. Lero miyala yodziwika yaposa miliyoni imodzi, koma mutaiwunjika yonse ya m'lambamo pamodzi, kulemera kwake kungangofika pafupifupi magawo atatu pa magawo 100 a kulemera kwa mwezi wathu. Ndi zotsala za nthawi imene mapulaneti ankapangika, zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo, zimene zinalephera kugwirana n'kukhala pulaneti chifukwa mphamvu yokoka ya Jupiter inkazisokoneza. Zithunzi za m'mabuku zimaonetsa miyalayi itathithikana, koma zoona zake n'zakuti ili motalikirana kwambiri, moti zombo zambiri zadutsamo popanda kugunda kanthu.

Dinkinesh anapezeka pa 4 Novembala 1999 ndi gulu lofufuza lotchedwa LINEAR, la Lincoln Laboratory ya sukulu yaukachenjede ya MIT, limene linkagwiritsa ntchito matelesikopu a galasi la mita imodzi pafupi ndi tauni ya Socorro ku New Mexico m'dziko la America. Panalibe munthu amene anaika diso pa telesikopu n'kufuula kuti waona chachilendo. Makinawo ankajambula chigawo chimodzi cha thambo kangapo usiku womwewo, kusiyanitsa mphindi zingapo, ndipo kompyuta inkayerekeza zithunzizo. Nyenyezi zili kutali kwambiri kotero kuti pa chithunzi chilichonse zimakhala pamalo omwewo, koma mwala wozungulira dzuwa umaoneka ngati kadontho kofooka kamene kasuntha pang'ono pa chithunzi chachiwiri, n'kusunthanso pa chachitatu, motsatira mzere umodzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa nkhanizi, palibe chimene chimatsegula ophunzira maso kuposa kuwaonetsa zithunzi ziwiri zotere mosinthanasinthana pa kompyuta. Amayamba ali chete, akuyang'ana timadontho mazanamazana tosayenda, kenaka wina amaloza ndi chala pakona n'kunena kuti "ako, kakudumphako," ndipo kuyambira pamenepo sakayikanso kuti chinthu chakutali chingadziwike ndi kayendedwe kake.

Miyezo yotere imatumizidwa ku Minor Planet Center ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, kumene mwala watsopano umapatsidwa chizindikiro chongoyembekezera. Wathuwu unalembedwa kuti 1999 VD57, ndipo ana anu angakonde kudziwa kuti chizindikirochi chili ndi tanthauzo. Chilembo V chikuimira theka loyamba la mwezi wa Novembala, pamene D57 ikusonyeza kuti unali wa nambala 1,429 kulembedwa m'masabata awiri amenewo. Patangopita masiku ochepa unasowa. Kusowa kotereku sikutanthauza kuti mwala wapatuka panjira yake, koma kuti anthu anauona kwa nthawi yochepa kwambiri moti sakanatha kuwerengera bwino kumene udzakhale chaka chamawa, ndipo dziko litapitirira paulendo wake, kadontho kaja kanafooka mpaka kusaonekanso. Unaonekanso mu 2004, kenaka akatswiri analumikiza miyezo yatsopano ndi yakale ija n'kuona kuti ndi mwala womwewo. Mu 2007 unapatsidwa nambala yokhazikika, 152830, ndipo nambala yotere imaperekedwa pokhapokha njira ya mwala itadziwika bwino kwambiri moti sungasowenso. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa ndi imene ikuyankha mantha a ana aja: njira ya Dinkinesh yakhala ikuyezedwa kwa zaka zoposa 20.

Nayi njirayo. Dinkinesh amazungulira dzuwa kamodzi pa zaka zitatu ndi miyezi pafupifupi itatu, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 328 miliyoni kuchokera ku dzuwa tikatengera pakatikati. Njirayo si yozungulira ndendende, ndi yotamukako pang'ono, choncho akayandikira kwambiri dzuwa amakhala pa makilomita pafupifupi 291 miliyoni, ndipo akatalikira kwambiri amafika pa makilomita pafupifupi 365 miliyoni. Dziko lathu, ngakhale pa nthawi imene latalikira dzuwa kwambiri, silipitirira makilomita 152 miliyoni. Ndiye kuti ngakhale ziwirizi zitayandikana motani, pakati pake pamatsalabe mpata wa makilomita pafupifupi 140 miliyoni. Njirayo ndi yopendekeka ndi madigiri awiri okha poyerekeza ndi ya dziko, ndipo ili cha m'mphepete mwamkati mwa lamba uja.

Manambala a mamiliyoni salowa m'mutu mwa mwana mosavuta, choncho ndikulangizani kuti mutuluke nawo pabwalo ndi chikhomo, chingwe ndi tepi yoyezera. Khomani chikhomocho pansi kuti chikhale dzuwa, ndipo mita imodzi iimire makilomita 100 miliyoni. Lembani m'dothi mzere wozungulira pa mita imodzi ndi theka, umenewo ndiwo njira ya dziko. Mars adzayenda pakati pa mamita 2.1 ndi 2.5, Dinkinesh pakati pa mamita 2.9 ndi 3.65, ndipo Jupiter adzakhala kutali pa mamita 7.8. Muimike mwana mmodzi pa mzere wa dziko ndi wina pa mzere wa Dinkinesh, ayende mozungulira, wamkatiyo azungulire katatu ndi pang'ono pamene wakunjayo wazungulira kamodzi, ndipo muwafunse anzawo kuti aloze pamene awiriwa angagundane. Adzaona okha kuti palibe.

Funso lanu la kukula ndi limene ndalikonda kwambiri, chifukwa ndilo mtima wa ntchito yonseyi. Pa telesikopu iliyonse ya pansi pano mwala waung'ono chotere umangooneka ngati kadontho kopanda maonekedwe, ndipo chimene tingayeze ndi kuwala kwake kokha. Kuwalako si kwake, ndi kwa dzuwa kumene mwalawo ukubweza. Tikadziwa njira yake timadziwa mtunda wake kuchokera ku dzuwa ndi kwa ife, choncho tingawerengere kuchuluka kwa kuwala kumene ukubweza. Vuto ndi lakuti mwala waung'ono woyererako ndi mwala waukulu wakuda bii angawale mofanana. Pofuna kusiyanitsa, akatswiri amagawa kuwalako m'mitundu yake kuti adziwe mtundu wa mwalawo, ndiponso amayeza kutentha kumene ukutulutsa, popeza mwala wakuda umamwa kuwala kwambiri n'kutentha koposa woyera. Mwa njira zimenezi anapeza kuti Dinkinesh ndi wa mtundu umene amautcha S, wa miyala yeniyeni yowalirako, yokhala ndi zinthu za m'miyala zotchedwa olivine ndi pyroxene, ndipo anayerekeza kuti sukwana kilomita imodzi m'mimba mwake. Anaonanso kuti kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pa maola 52.7 aliwonse, ndipo anaganiza kuti imeneyo ndiyo nthawi imene mwalawo umatenga kuti utembenuke kamodzi. Pa kukula analondola, koma pa kutembenukako panali chinsinsi chimene chinaululika chombo chitafika.

Chombocho ndi Lucy, cha bungwe la zakuthambo la ku America la NASA, chimene chinanyamuka ku Cape Canaveral pa 16 Okutobala 2021 kupita ku miyala imene imayenda m'njira ya Jupiter. Dinkinesh sanali pa ndondomeko yoyamba ya ulendowu. Katswiri wina, Raphael Marschall wa ku Nice ku France, anafufuza njira za miyala yambirimbiri n'kupeza kuti chombocho chidzadutsa pa makilomita pafupifupi 64,000 kuchokera pa kamwala aka, ndipo kumayambiriro kwa 2023 oyendetsa ulendowu anagwirizana zokhotetsa chombocho pang'ono kuti chifike pafupi. Cholinga chinali kuyesa makina amene amathandiza chombo kuti chizilondola chokha mwala ndi makamera ake pamene chikudutsa mothamanga. Apa ndi pamene dzina linabwera. Chombocho anachitcha Lucy potengera mafupa akale kwambiri a cholengedwa chofanana ndi munthu amene Donald Johanson ndi anzake anawapeza ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, ndipo anthu a ku Ethiopia amawatcha mafupawo Dinkinesh m'chinenero cha Amharic, kutanthauza kuti "ndiwe wodabwitsa." Dzinalo linaperekedwa kwa mwalawu potengera mafupawo, ndipo silikhudzana m'pang'ono pomwe ndi kumene mwala ungagwere. Pali miyala yambiri m'mlengalenga yokhala ndi mayina a mizinda, a mayiko ndi a anthu, ndipo palibe umene unatchedwa chifukwa chakuti ukupita kumeneko.

Pa 1 Novembala 2023 Lucy anadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 430 kuchokera pa Dinkinesh, akuthamanga makilomita 4.5 pa sekondi iliyonse. Zithunzi zoyamba zitafika, panaoneka kamwala kena kakusuzumira kuseri kwa kakakuluko, ndipo umenewo ndiwo mwezi umene ana anu anamva. Patapita masiku angapo panafika chithunzi china chimene chinajambulidwa mphindi zisanu ndi imodzi chombo chitadutsa, chikuyang'ana kuchokera mbali ina, ndipo chinaonetsa kuti kamweziko ndi zibuluma ziwiri zogundana, chilichonse cha mamita opitirira pang'ono 200, chimodzi chinali chitabisa chinzake pa zithunzi zoyamba zija. Aka kanali koyamba kuona mwezi wa mtundu umenewu ukuzungulira asteroid. Anautcha Selam, potengera mafupa a mwana amene Zeresenay Alemseged anawapeza ku Dikika, ku Ethiopia komweko, mu 2000. Selam amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, kamodzi pa maola 52.7, ndipo apa m'pamene zinadziwika kuti kusinthasintha kwa kuwala kumene ankaona pansi pano kunali kwa kamweziko.

Dinkinesh mwini wake ndi wa mamita pafupifupi 720 m'mimba mwake, mtunda umene munthu angayende pa mphindi khumi, ndipo ndiye mwala waung'ono koposa wa m'lamba uja umene chombo chafikapo. Amatembenuka kamodzi pa maola 3.7, mwachangu ndithu. Ali ndi chitunda chozungulira pakati pake ndiponso chigwa chachitali chooneka ngati pamene mbali ina inatsetsereka, ndipo pamwamba pake pali miyala yomwazika ndi maenje. Kulemera kwake ndi matani pafupifupi 500 miliyoni, kumene kumamveka kwakukulu, koma mphamvu yake yokoka ndi yochepa kwambiri moti chinthu chothamanga theka la mita pa sekondi, liwiro losafika ngakhale pa la munthu woyenda pansi, chingachokepo osabwereranso.

Zinthu izi, kutembenuka mwachangu, chitunda, chigwa ndi kamwezi, zikufotokoza nkhani imodzi, ndipo woyambitsa wake ndi dzuwa. Mwala ukawombedwa ndi dzuwa umatentha, kenaka umatulutsa kutenthako, ndipo kutentha kotulukako kumaukankha pang'ono kwambiri. Popeza mwalawo ndi wokhotakhota, kukankhako sikulingana mbali zonse, ndipo pa zaka mamiliyoni kumawonjezera liwiro la kutembenuka kwake. Liwirolo likafika pena pake, zidutswa zimayamba kutsetserekera pakati n'kuthothoka, monga matope amathothokera ku tayala la njinga mukamapalasa mwamphamvu mvula itagwa. Akatswiri a Lucy akuona kuti mbali ina ya Dinkinesh inagumuka motero n'kusiya chigwa chija, zidutswa zina zinagweranso pakati n'kupanga chitunda, ndipo zina zinatsala zikuzungulira mpaka zinagwirana n'kukhala Selam. Chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri apa ndi chakuti mwalawo unagumuka mwadzidzidzi m'malo momangoyoyoka pang'onopang'ono, kusonyeza kuti mkati mwake muli kulimba ndithu, si mulu wa mchenga chabe.

Tsopano ndinene za ngozi mosabisa, chifukwa mwana wanzeru adzakufunsani ngati njira ya mwala singasinthe. Imasintha, koma pa zaka mamiliyoni. Kukankha kwa kutentha kuja kumasunthanso njira ya miyala ing'onoing'ono pang'onopang'ono, ndipo m'lambamo muli malo ena, monga pa makilomita pafupifupi 374 miliyoni kuchokera ku dzuwa, pamene mwala umazungulira dzuwa katatu pa nthawi imene Jupiter amalizungulira kamodzi. Mwala ukalowa pamalo otere umakokedwa ndi Jupiter mobwerezabwereza mbali imodzi mpaka njira yake itatamuka n'kufika kufupi ndi Mars kapena dziko. Umu ndi mmene miyala yoyandikira dziko imabwerera, ndipo ina imagwadi. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika m'mwamba mwa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri a iwo ndi magalasi a mawindo amene anasweka pamene ankasuzumira kuti aone kuwalako. Pa 2 Juni 2018 kamwala kakang'ono kotchedwa 2018 LA kanaoneka pa telesikopu maola ochepa kasanalowe mumpweya wa dziko pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinakatoledwa ku Central Kalahari. Kwathu kuno mwala wa makilogalamu pafupifupi 93 unagwa m'boma la Machinga mu Januwale 1981, ndipo wina unagwa ku Zomba mu 1899. Yonse iwiriyi ndi ya mtundu wofala umene asayansi amaugwirizanitsa ndi miyala ya mtundu wa S, gulu lomwelo la Dinkinesh.

N'chifukwa chake sindiona kuti ndalama zoyendera kamwala ngati aka n'zotayika. Mu Seputembala 2022 chombo cha DART chinagunda dala kamwezi kotchedwa Dimorphos, kamene kamazungulira mwala wa Didymos, n'kufupikitsa nthawi ya kuzungulira kwake ndi mphindi zopitirira 30, kusonyeza kuti mwala woopsa ungakankhidwe ukadziwika nthawi ikadalipo. Koma kuti mwala ukankhidwe bwino, pafunika kudziwa ngati ndi wolimba kapena ndi zidutswa zongogwirana. Didymos ndi Dinkinesh ndi ofanana kukula ndi mtundu, koma Didymos amafika kufupi ndi dziko pamene Dinkinesh akadali kwawo m'lamba, choncho kuwayerekeza kumatiuza zimene zimachitikira miyala yotere pa ulendo wake wobwera kuno.

Za mauthenga ena amene adzabwere, pakuti adzabweradi, aphunzitseni anawo kufunsa zinthu zitatu: dzina kapena nambala ya mwalawo, tsiku limene akuti udzafika, ndi bungwe limene lanena. Dzinalo mungalilembe pa tsamba la Small-Body Database la Jet Propulsion Laboratory ya NASA, limene ndi laulere ndipo limaonetsa njira ya mwala uliwonse wodziwika. Mwala umawerengedwa kuti ndi woyandikira dziko pokhapokha ngati umafika pa mtunda wosapitirira makilomita pafupifupi 195 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo mwaona kale kuti Dinkinesh safika pamenepo. Miyala imene ili ndi mwayi ngakhale wochepetsetsa wogunda dziko imalembedwa poyera pa mndandanda wa Sentry wa NASA, ndipo bungwe la European Space Agency lili ndi mndandanda wakenso. Uthenga wopanda dzina la mwala kapena wonena kuti asayansi akubisa musautumize kwa ena, chifukwa miyalayi imayezedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri, ena a iwo ongochita mwa kukonda kwawo, ndipo palibe boma limene lingawatseke pakamwa onsewo.

Pali nthawi ziwiri zimene ndikupemphani kuti mufunefune thandizo la ena. Ngati mwana wina akupitirizabe kuchita mantha, sakugona kapena wasiya kumvetsera m'kalasi ngakhale mutamufotokozera, mucheze naye payekha ndipo mudziwitse makolo ake ndi mphunzitsi woona za uphungu, chifukwa nthawi zambiri mantha otere amakhala ataphimba nkhawa ina. Ndipo ngati tsiku lina inu kapena anthu a m'dera lanu mudzaona moto waukulu ukudutsa kumwamba, musathamangire pawindo, popeza mkokomo wake umafika patapita kanthawi kuwala kutadutsa. Mulembe nthawi, kumene unachokera ndi kumene unalowera. Mukadzapeza mwala wokhala ndi khungu lakuda lopyapyala ngati lopserera, wolemera kuposa mmene ukuonekera ndiponso wokoka maginito pang'ono, musauswe kapena kuutsuka ndi madzi. Muujambule pamene wagwerapo, muuike m'pepala lapulasitiki loyera ndi louma, ndipo mudziwitse a Geological Survey ku Zomba kapena aphunzitsi a za miyala ku sukulu yaukachenjede, amene angauyeze n'kukuuzani ngati ndi wochokera kumwamba kapena ndi chitsulo wamba cha m'nthaka.

Dinkinesh simungamuone ndi maso kapena ndi telesikopu yaing'ono ya pasukulu, chifukwa ndi wofooka kwambiri. Ana akafuna kuona mwala wa m'lamba ndi maso awo, yesani Vesta, umene umaoneka bwino ndi mabainokyula pa miyezi imene dziko lathu lili pakati pa iwo ndi dzuwa, ndipo pulogalamu yaulere ya Stellarium idzakuonetsani pamene uli usiku uliwonse. Ajambule pa pepala nyenyezi zimene akuona pamalopo, abwerenso patapita masiku awiri kapena atatu n'kujambulanso, kenaka ayerekeze mapepala awiriwo kuti apeze kadontho kamene kasuntha.